Sikuluwu Yochoka M'msana

Mayi uja atamaliza kufotokoza, apolisi awiri a pakauntala anayang'anizana, wina n'kubisa kamwa ndi dzanja.

"Ndiye mwabwera kudzadandaula kuti kwabedwa sikuluwu? Imodzi yokha?" anafunsa wamkulupo. "Amayi, pitani kusitolo ya zitsulo. Mwina akakupatsani yaulere."

"Ya kusitolo sinakhalepo m'msana mwa amuna anga."

Sajeni ankadutsa ndi kapu ya tiyi m'manja. Anaima. Anali mayi wamfupi, wosalankhulalankhula, ndipo anzake pa siteshoni ankadziwa kuti akangoti zii, ndiye kuti mtima wayamba kuwira. Anaika kapu pakauntala, n'kuwayang'ana anyamata awiri aja mpaka kuseka kwawo kunauma.

"Amayi, tiyeni muofesi mwanga. Mukayambe poyambira."

Mayiyo anakana mpando. Analankhula ali chiimire, chikwama atachifinya pachifuwa. Amuna ake anali dalaivala wa malole. Msana unawavuta kwa zaka, mpaka madokotala anapeza kuti mafupa awiri a m'munsi mwa msana akutereka n'kumapana mitsempha. Ndiye anauzidwa kuti ali ndi mwayi: a Pulofesa a pachipatala chachikulu akuchita kafukufuku wa njira yatsopano. M'malo mong'amba msana wonse, amangoboola timabowo, kulowetsa masikuluwu m'mafupa, n'kuwalumikiza ndi timitengo tachitsulo. Munthu amadzuka msanga, chipsera chake chosaoneka n'komwe.

"Analowa m'chipatala muja akuseka, akundinyamulira ine chikwama. Atawachita opaleshoni, anawauza kuti ayese kuimirira. Anangomva kuti pho! m'msana, n'kugwa. Kuyambira pamenepo miyendo ilibe mwini. Anawabwezanso kuthiyeta, kuchipinda cha opaleshoni kuja, n'kuchotsa sikuluwu imodzi. Ine ndinali nditamupempha nesi kuti andisungire. Ndimafuna ndichione ndi maso angawa chinthu chimene chadya miyendo ya bambo a ana anga. Nesi analonjeza. Lero akuti yasowa. Yasowa bwanji? Ili ndi mapiko?"

Abwana a siteshoni atamva komwe Sajeni akupita, anamuitanira pakhomo la ofesi yawo.

"Mayi, khoswe akakhala pamkhate sapheka. A Pulofesa aja anachiritsa anthu akuluakulu. Ifenso tili ndi misana."

"Dalaivala uja nayenso anali nawo, bwana," anatero Sajeni, n'kutuluka.

*

Dalaivala anali chigonere chagada pabedi la pakona. Anali chimunthu cha mapewa otakasuka, ndipo bedilo linkaoneka lomuchepera. Ataona yunifolomu anayesa kudzuka mwaulemu, koma thupi linamvera mpaka m'chiuno basi.

"Pepani, a Sajeni, mayi a anawa akuvutitsani. Ndinawauza kuti asiye." Anamwetulira mwamanyazi. "Zoseketsa, eti? Zaka zonsezi pamsewu, sindinagundepo ngakhale nkhuku. Ngozi yadzandipeza ndili m'tulo."

"Anakuuzani kuti chinalakwika n'chiyani?"

"A Pulofesa anabwera okha, munthu wabwino. Anati thupi langa lakana chitsulo. Anatinso mwina ndinadzuka mwaphuma, ndi thupi langa lolemerali. Ndiye kulakwa n'kwanga ndithu. Ndimadya kwambiri, mufunseni mkazi wanga."

Mkazi wake anatembenukira kukhoma. Sajeni anayang'ana mapazi a bamboyo, otuluka kunsi kwa bulangeti, opendekera kunja ngati nsapato zovulidwa. Kumulanda munthu miyendo n'kumusiyanso akupepesa! Koma anangoti:

"Ndani anakuuzani kuti muimirire?"

"Iwo omwewo, a Pulofesa."

"Ndiye phuma lake linali la yani?"



*

Ofesi ya a Pulofesa inali yozizira, makoma ali mbwee zithunzi zawo akugwirana chanza ndi anthu a masuti. Patebulo panali mbale ya maswiti. Iwo anali bambo wa imvi zosamalika, wa mawu ofewa ngati wansembe.

"Khalani pansi, mwana wanga. Ndikumvetsa chisoni cha banja lija, ndikumvetsa kwambiri. Koma muone, msana si chitseko choti mmisiri akhoma lero n'kutha. Timagwira ntchito pafupi ndi chingwe cha mitsempha chimene chimayendetsa thupi lonse. Ambiri tawadzutsa. Mmodzi akagwa, mtima umandipweteka, koma kafukufuku sangaime."

"Sikuluwu ili kuti?"

"Zochoka m'thupi la munthu zimakatenthedwa. Mwina wokolopa anaitaya pamodzi ndi zinyalala. Si mlandu umenewo."

"Inali itathyoka?"

"Sindinaiyang'anitsitse. Maso anga anali pa wodwala." Anakankhira mbale ya maswiti kwa Sajeni. "Komanso nditangoichotsa ndinasiyira anyamata kuti asoke, ine n'kupita kukaphunzitsa. Ophunzira odzaza holo angandichitire umboni."

Sajeni sanakhudze maswiti.

"Sindinakufunseni komwe munali, a Pulofesa."

Kumwetulira kuja kunakhalabe pamilomo, koma m'maso kunachoka.

*

Sajeni anamupeza nesi wa kuthiyeta m'kachipinda kotsukira zida, akutola timipeni ndi timapanira m'beseni. Sanadzutse mutu. Mayankho ake anali odukaduka, ngati akulipira liwu lililonse.

"Ndinailandira m'mbale. Ndinaiika m'kabotolo. Ndinatseka. Ndinaika pashelefu ya pafupi ndi chitseko."

"Kenako?"

"Ndinatsogola kukakonzera wodwala malo. Pobwera, botolo lilipo. Lotseka. Lopanda kanthu."

"Wokolopa amene amatsegula botolo, kuchotsa zam'kati, n'kulitsekanso bwinobwino, munamuonapo?"

"Okolopa anali asanalowe."

"Anatsala m'chipindamo ndani?"

Nesi anayang'ana kukhomo. "A Tulo, dokotala wogoneka odwala. Ndi Wamatayi."

"Wamatayi ndiye ndani?"

"Wa kukampani yopanga masikuluwuwo. Timamutcha choncho chifukwa cha matayi ake owala."

"Wamalonda amalowa m'thiyeta? Munthu ali chitsegukire msana?"

"Nthawi zonse. Amabwera ndi bokosi la zida. Amalozera yoyenera."

Sajeni anapumira m'mwamba. Nkhani inkaoneka ngati yadziulula yokha: chitsulo cha kampani chathyoka, wa kampani wabisa umboni. "Ndiye inathyokera pati? Pakhosi kapena pakati?"

Apa nesi anasiya zida. Anapukuta manja pang'onopang'ono, n'kumuyang'ana Sajeni m'maso koyamba.

"Sinathyoke. Inapindika ngati waya." Anatsitsa mawu. "Ndagwira zimenezija zaka zambiri, a Sajeni. Mutha kuzipondetsa ndi lole. Zenizeni sizipindika."

*

A Tulo anali kukantini, akulimbana ndi ntchafu ya nkhuku. Anali bambo wonenepa, wa nthabwala zosatha, ndipo anamulandira Sajeni ngati mlamu wake.

"Apolisi! Ndimangeni msanga, ndikapumeko. Ine ntchito yanga n'kugoneka anthu, koma ndekha tulo sindiliona."

"Tsiku lochotsa sikuluwu, munatsala m'chipinda."

"Ndinatsala? Amene wanenayo anaona mimba yanga ikutsalira, ine nditatuluka kale. Wodwala akamatuluka ine ndimakhala kumutu kwake, dzanja pachibwano, mpaka atadzuka. Afunseni a kuchipinda chotsitsimukira, ndinawathera mabisiketi awo."

Zimenezo Sajeni anali atafunsa kale, ndipo zinali zoona. Anakoka mpando n'kukhala.

"Tisiye tsiku limenelo. Ndiuzeni za opaleshoni yoyamba."

Ntchafu ija inaima m'malere.

"Aa, imene ija inayenda bwino. Kungoti inatalikirapo pang'ono."

"Chifukwa?"

"Mayi, ine malire anga ndi khosi. Amatchinga nsalu apa, kumutu kwanga, kumsana kwawo. Za kuseri kwa nsalu sindiziona."

"Makutu nawonso amawatchinga?"

A Tulo anaseka, koma kuseka kwake kunatuluka kopanda mafuta. Anayang'ana uku ndi uku, n'kusendeza mbale.

"Dalaivala uja ndi chimphona. Mafupa ake anafuna masikuluwu ataliatali, ndipo m'bokosi munaperewera imodzi. Mwa masiku onse, tsiku limenelo kunali alendo, aja amapereka thandizo la kafukufukuyu, atakhala kuseri kwa galasi kumaonerera. Kutseka bala ntchito isanathe, pamaso pawo? A Pulofesa anamunong'oneza Wamatayi. Wamatayi anathamangira kugalimoto yake. Anabwera ndi kanthu m'manja, anakaphika m'makina ophera tizilombo, ntchito n'kupitirira. Alendo anaomba m'manja."

"Kanthu kanji?"

"Sindinafunse."

"Munthu munamugoneka ndinu. Anakupatsani mpweya wake kuti mumusungire. Simunafunse?"

"Ndili ndi ana kusukulu, a Sajeni." Nthabwala zinali zitatha. "Pano ukafunsa funso, mawa umapezeka ukugoneka mbuzi."

Sajeni anaimirira mwamphamvu mpaka mpando unagwa. Anthu a m'kantini anatembenuka. Sanautole.

*

Sajeni anamupeza Wamatayi m'chipinda cha misonkhano, akuyala katundu wake patebulo lalitali kukonzekera kuonetsa madokotala achinyamata. Tayi ya tsikulo inali yachikasu ya madontho ofiira. Anali mnyamata wosalala nkhope, wa lilime lothamanga.

"Takulandirani, takulandirani, bwana! Nkhani ya sikuluwu ija? Zomvetsa chisoni, zomvetsa chisoni zedi. Ifenso kukampani tikuifuna, tikaiyeze, tidziwe chinachitika n'chiyani. Ndinalimo m'chipinda, sindikana. Ndimalongedza zida zanga. Koma zovala za m'thiyeta zilibe matumba, ndipo bokosi langa mlonda wa pageti amalisecha tsiku lililonse. Nali, lisecheni nanunso. Galimoto ili panja, makiyi ndi awa. Ngakhale kunyumba tipite, mukamwe ndi tiyi."

Munthu wokondwa kusechedwa chonchi, anaganiza Sajeni, ndiye kuti akudziwa kuti kumene akulozako kulibe kanthu. Sanagwire bokosi. Anayendayenda m'mbali mwa tebulo, manja kumbuyo.

"Ndine mbuli pa zimenezi, achimwene. Tandiphunzitsani. Zimalowa bwanji m'munthu?"

Wamalonda sakana kuonetsa malonda. Wamatayi anakokera pafupi msana wa pulasitiki woimikidwa pakathabwa, wautali ngati mkono, mafupa ake oyera atasanjikizana, masikuluwu atalowa awiriawiri uku ndi uku.

"Onani, bwana. Fupa lililonse lili ndi timilatho tiwiri topapatiza. Sikuluwu imadutsa m'kamlatho, osakhudza ngalande iyi ya pakati, chifukwa m'menemu ndi modutsa mitsempha. Ikapatuka pang'ono chabe, basi, munthu waluza miyendo. N'chifukwa chake chitsulo chathu ndi cholimba kuposa china chilichonse."

"Awa ali apawa ndi omwewo mumaika mwa anthu?"

"Ayi, ayi! Awa ndi achitsanzo chabe, oonetsera. Chitsulo chotchipa, chofewa. Enieni ndi odula, sitingawaseweretse pa pulasitiki."

"Chidolechi mumayenda nacho kulikonse?"

"Ndi mkazi wanga wachiwiri," anaseka. "Chimagona m'galimoto, chimalowa nane paliponse."

"Mlonda amachisechanso?"

Kuseka kuja kunatsamwa.

Sajeni anawerama. Masikuluwu onse ankanyezimira, mitu yawo itaima mzere ngati asilikali. Umodzi wokha, wa pansi kumanzere, unali wothimbirira, utapendekera kumbali, ndipo pulasitiki yozungulira bowo lake inali yokalikakalika, ngati wina anachita kukakamiza. Anayandikitsa mphuno. Fungo lake linali lija anali atangolimva m'kachipinda ka nesi.

"Tamasulani iyi."

"Aa, chomasulira chake ndachiiwala kuofesi, bwana."

"Musavutike."

Anatulutsa kampeni kake ka m'thumba, n'kulowetsa nsonga pamutu pa sikuluwuyo. Inazungulira movutikira, ikugwedezeka ngati tayala lopindika. Itatuluka anailandira ndi mpango. Inali yokhota pakati. M'mizere yake munali mutaumira zinthu zofiirira, ndipo pakhosi pake panali timalemba tating'ono tochenjeza kuti ndi yachitsanzo, isaikidwe mwa munthu.



"Chidole chako chimatuluka magazi?" anafunsa Sajeni. Ulemu wa "achimwene" unali utatha.

Wamatayi anakhala pansi mwadzidzidzi. Anamasula tayi. Lilime lothamanga lija linayamba kupunthwa.

"Sindinafune... Ndikanaitaya, koma kukampani chidolechi amachiyendera, ikasowa imodzi amafunsa. Ndiye ndinati ndiibwezere pamalo pake, palibe angayang'ane pamenepo. Bwana, ine si dokotala. Ine ndimangonyamula bokosi."

"Unaimasula pa chidole ndi manja ako, n'kukaipereka kuti ilowe m'msana mwa munthu wamoyo."

"Anandituma! Ndinawauza kuti yaitali yatsala ndi ya pachitsanzo basi. Ndinawauza kuti n'njofewa. Ndinawaonetsa malembawo, anawawerenga ndi maso awo."

"Anati chiyani?"

Mnyamatayo anaphimba nkhope.

"Anati chiyani?"

"Anati, 'Alendo akudikira. Bweretsa. Msana wa dalaivala sudziwa kuwerenga.'"

Sajeni anamva ngati wina wamuthira madzi owira pamutu. Anakulunga sikuluwu ija mumpango mosamala, chifukwa manja ake ankafuna kuchita zina.

"Itapindika, ndani anakuuza kuti uichotse m'botolo?"

"Iwo omwe. Potuluka kupita kukaphunzitsa anandigunda paphewa, anati, 'Katundu wako usamuiwale pashelefu.'"

"Ali kuti pano?"

"Kuthiyeta. Ali ndi wodwala wina wa kafukufuku yemweyu. Panopa ayenera kuti akusamba m'manja."

Unyolo Sajeni anali nawo umodzi wokha, ndipo anadziwa mwini wake. Anaitana mlonda wa pakhonde, n'kumuuza kuti mnyamatayo asasunthe pampandopo mpaka galimoto ya polisi itafika. Kenako anathamanga.

*

Khonde la kuthiyeta linali ndi mzere wofiira pansi, ndi chikwangwani choletsa kudutsa ndi nsapato za panja. Sajeni anaudumpha osachepetsa liwiro. Kutsogolo kwake anthu awiri ankakankha bedi la matayala, pamene panagona mayi wachikulire wovala kachipewa ka pepala. Sajeni anagwira chitsulo cha kumiyendo kwa bedilo, n'kuliimitsa.

"Bedi ili silipitirira."

Chitseko cha m'mbali chinatseguka. A Pulofesa anatuluka atavala zobiriwira, manja atawakweza patsogolo pa chifuwa monga amachitira madokotala akasamba, madzi akudontha m'zigongono. Kumbuyo kwawo kunali nesi uja ndi a Tulo.

"Mwapenga? Mukudziwa kuti mwadetsa malo ano ndi nsapato zanuzo?"

"Anada kale ndisanafike."

Anatambasula mpango. A Pulofesa anayang'ana kamodzi kokha. Khungu la m'masaya mwawo linagwa, koma mawu anakhalabe ofewa.

"Mwana wanga, simukumvetsa zimene mukuchita. Njira imeneyi ndi yabwino. Ndaikonza moyo wanga wonse, ndipo idzathandiza anthu osawerengeka ine nditafa kale. Kafukufuku akanaima tsiku lija, onsewo akanataya mwayi. Ndinayeza, ndinaona kuti igwira mpaka fupa litalumikizana. Ndinalakwitsa kuyeza, basi."

"Munamufunsa mwini msana? Atagwa, munapita pabedi pake kukamuuza kuti walakwa ndi iyeyo chifukwa chonenepa. Mpaka lero akupepesa. Kumenekonso kunali kuyeza?"

A Tulo anayang'ana pansi. A Pulofesa analoza bedi ndi chibwano.

"Mayi awa ndi mphunzitsi wopuma ntchito. Sagona ndi ululu. M'chipatala muno palibe wina wodziwa njira imeneyi. Mukandichotsa pano, awathandiza ndani? Inu?"

Funsolo linamubaya Sajeni, chifukwa linali loona. Iye sakanatha kuchiza msana wa munthu. Anazungulira n'kufika kumutu kwa bedi, n'kuwerama.

"Amayi, mwamva zonse. Ichi chinachoka m'msana mwa bambo wina amene wagona kuwodi, ndipo sadzayendanso. Pakhosi pake palembedwa kuti chisaikidwe mwa munthu. Adokotalawa anawerenga, n'kuchiikabe. Sindikunamizani, ululu wanu ine sindingauchotse, ndipo sindikudziwa kuti mudzathandizidwa liti."

Mphunzitsiyo anapempha magalasi ake. Nesi anawatulutsa m'kathumba ka pansi pa pilo, n'kumuveka. Mayiyo anayandikitsa mpango kumaso, milomo ikuyenda pamene ankawerenga timalemba tija. Kenako anawayang'ana a Pulofesa nthawi yaitali, mmene ayenera kuti ankayang'anira ana onama m'kalasi mwake.

"Dzulo munandigwira dzanja, munati ndili ngati mayi anu," anatero. Anatembenukira kwa nesi. "Mwanawe, ndibweretsere zovala zanga. Msanawu ukupweteka, koma ndi wanga."

Nesi anavula magolovesi, n'kuwaponya m'ndowa. "Ndikubweretserani, amayi. Ndikatero, a Sajeni, ndikubwera kusiteshoni. Ndili ndi zambiri zoti ndinene."

A Pulofesa anali chiimire pomwepo, manja akadali m'mwamba, osakhudza kanthu, ngati kuti opaleshoni ichitikabe.

"Musawatsitse," anatero Sajeni, akumasula unyolo palamba. "Mwawaika bwino kale."

Chitsulo chinati khethe! pa mikono yonyowa, yonunkhira sopo.